Giya ya Bedi la Mayi a Kwaya

Moni kwa inu amene mwatenga tsamba lino, kaya mwakhala pa mpando muli bwino, kaya mukuwerenga muli chigonere. Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene watidzutsanso lero, amene amatipatsa mpweya mosatiyezera. Ndikuthokozeni inunso pondibwereka khutu. Nkhani imene ndabwera nayo si yokoma. Ndi ya giya yaing'ono ya mkuwa, yokwana m'chikhatho, ndi ya anthu awiri okalamba amene anaidikira.

Mumsewu wathu munali bambo wina amene tonse tinkawatcha a Chitsulo. Moyo wawo wonse anali dalaivala wa basi, ndipo atapuma ntchito anasandutsa galaja ya pakhomo pawo kukhala malo osewerera ndi zitsulo. Ndikuti kusewera chifukwa sankadyerapo. Ankapanga tiinjini tating'ono toyenda ndi nthunzi, timene tinkangoti puu puu pa benchi, osakoka ngakhale bokosi la machesi. M'galajamo munali makina awiri akale, ena okulungira chitsulo, ena osemera. Koma chimene mtima wawo unagonapo linali tebulo lozungulira.

Musaganize za tebulo lodyerapo. Ichi chinali chitsulo chobulungira, chachikulu ngati mbale, cholemera moti a Chitsulo ankayamba akoka mpweya asanachinyamule. Ankachimangirira pa makina osemera, ndipo pamwamba pake ankaikapo chinthu chimene akufuna kusema. M'mbali mwake munali chopukusira. Ukachipukusa, tebulo linkatembenuka pang'onopang'ono ngati munthu waulemu. Kuseri kwa chopukusira kunali mbale yachitsulo yoboolaboola, mabowo ake ali m'mizere yozungulira, ndipo chopukusiracho chinali ndi kamsomali kolowa m'bowo limene wasankha. Pa mbalepo panalinso timikono tiwiri tonga ta wotchi, kena kosonyeza pamene wayambira, kena pamene uyenera kuima. Ndi zimenezi munthu amagawa bwalo m'magawo ofanana ndendende, ndipo ndi mmene amasemera mano a giya.

Akazi awo tinkawatcha Mayi a Kwaya, chifukwa anatsogolera kwaya ya ku tchalitchi kwathu mpaka tsitsi linayera. Mulungu sanawapatse ana awiriwa. Anawapatsa wina ndi mnzake, ndipo ankasekana ngati anzawo a kusukulu. Tebulo lija Mayi a Kwaya ankalitcha mkazi mnzawo.

"Mkazi mnzanga wadzuka bwanji?" ankafunsa m'mawa akamabweretsa tiyi ku galaja. "Ndinaona dzulo mwamudzoza mafuta, mwamufunditsa nsalu. Ine munandifunditsa liti?"

"Uyu sayankha, Mayi."

"N'chifukwa chake mumamukonda. Mano a mkuwa mumasema okongola. Anu m'kamwamo atsala angati?"

Posema giya a Chitsulo anali ndi mawu anayi: masula, pukusa, sendeza, manga. Ukatha kusema mpata umodzi, umamasula tebulo. Kenaka umapukusa, ukuwerenga maulendo ake, mpaka kamsomali kafike pa kamkono kakutsogolo n'kulowa m'bowo. Kenaka umasendeza timikono tija kuti tiyambirenso pamene kamsomali kaima. Pomaliza umamanga tebulo, n'kusema mpata wina. Kuti asaiwale, mawu anayiwa ankawaimba pa maimbidwe a nyimbo ina ya Mgonero imene akazi awo ankaikonda. Chipinda chawo chogona chinagundana khoma ndi galaja, choncho Mayi a Kwaya ankamva zonse.

"Mukunyoza nyimbo ya Ambuye inu!" ankakuwa pa zenera.

"Ambuye nawonso anakulira m'nyumba ya mmisiri," ankayankha a Chitsulo. "Amvetsa."

Chakudza sichiimba ng'oma. Chaka chimenecho mtima wa Mayi a Kwaya unayamba kufooka. Mapazi anatupa, madzi anayamba kusonkhana m'chifuwa, ndipo mawu aja amene ankadzaza tchalitchi anatsala ngati kamphepo kolowera pansi pa chitseko. Adokotala anayesa zimene anayesa, kenaka anawauza a Chitsulo mofatsa kuti awatengere kunyumba. Anawalangiza chinthu chimodzi: asamagone chathyathyathya, chifukwa akatero amakhala ngati akumira.

Amayi a mpingo oyendera odwala anali ndi bedi lakale la kuchipatala limene ankabwereketsa. Kumiyendo kwake kunali chopukusira, ndipo ukapukusa, kumutu kunkadzuka pang'onopang'ono mpaka wodwala atakhala tsonga. Bedilo linabweretsa mpumulo m'nyumbamo. Mpweya ukabanika, a Chitsulo ankalidzutsa. Msana ukatopa, ankalitsitsa. Ndipo likadzuka mpaka kumapeto, nkhope ya Mayi a Kwaya inkafika pa zenera, n'kuona mtengo wa mandimu umene anaubzala okha pamene ankalowa m'nyumbayo.

Tsiku lina m'mawa chopukusira chinangozungulira chopanda kanthu, ndipo kumutu kwa bedi kunagwa phi. A Chitsulo atamasula kabokosi ka pansi pa bedi anapeza giya ya mkuwa itadyeka mano, yangotsala usinini. Anayenda nayo m'masitolo a zitsulo a m'tauni monse. Ogulitsa ankaitembenuza m'manja n'kupukusa mutu. Wina anawauza kuti bedilo ndi lakale kuposa iye mwini.

Masiku amenewo n'kuti mng'ono wawo wa Mayi a Kwaya atabwera kudzadwazika. Anali mayi wamasiye, wamphamvu, wa pakamwa pakuthwa, ndipo iye ndi a Chitsulo anali asanalankhulanepo popanda kunyogodolana chikwatirire a Chitsulo m'banjamo. Awiriwa anatenga chipika n'kuchiika pansi pa kumutu kwa bedi. Chinathandiza pang'ono, koma chipika sichimva. Chili ndi msinkhu umodzi wokha. Pofuna kusintha, ankayenera kunyamula chitsulo chonse anthu awiri, wodwala ali pomwepo, ndipo bedi linkagwedezeka. Mayi a Kwaya sankalira. Ankangoluma mlomo, thukuta lili pamphumi. Mapilo nawonso ankaterereka, ndipo zenera linatalikira. Anatsala akuona thambo ndi mawaya a magetsi basi.

"Ndiisema ndekha," anatero a Chitsulo.

Pansi pa benchi anali ndi chidutswa chimodzi cha mkuwa chimene anachisunga zaka zambiri. Atachiyeza anapeza kuti chikwana magiya atatu, osapitirira. Anachidula, n'kukulunga mbali zitatu zobulungira, zonyezimira ngati dzuwa la m'mawa. Giya yakale ija inali ndi mano makumi awiri ndi anayi. Anawerengera bwino: pa dzino lililonse kupukusa katatu, n'kuonjezera mabowo khumi ndi asanu pa mzere wa mabowo makumi awiri. Anatsegula timikono tija molingana ndi mabowowo, napemphera mwachidule, nayatsa makina.

Tsono pambali pa pilo ya Mayi a Kwaya panali kabelu. Anakapanga ndi a Chitsulo omwewo kalekale, kuti akazi awo azikhazika nako chete oimba akamasokosera. Tsopano ndi kamene kanali mawu awo. Ndipo chiyambire matendawo, kabeluko kanali kasanalirepo kawiri a Chitsulo asanafike.

Anasema mipata ingapo bwinobwino, fumbi la mkuwa likuthothoka ngati mchenga wagolide. Masula, pukusa... ndiye kabelu kanalira. Anazimitsa makina n'kuthamanga.

"Ndikuterereka, Bambo," ananong'ona Mayi a Kwaya.

Iwo ndi mlamu wawo anawakweza, kukonza mapilo, kuwapukuta nkhope. A Chitsulo anabwerera ku galaja thupi lokha, mtima utatsala m'chipindamo. Anaona kamsomali kali m'bowo, anamanga tebulo, anasema. Timikono tija sanatisendeze. Ulendo wotsatira anapukusa katatu, kamsomali n'kukaima pa kamkono kamene kanali pamalo akale, ndipo mpeni wa makina unalowa pafupi kwambiri ndi mpata umene anali atangosema. Atabweza mpeni anaona dzino lopyapyala ngati lezala. Madzi akatayika saoleka, ndipo mkuwa ukasemedwa subwerera.

Mlamu uja anaipeza giyayo pa benchi pobweretsa tiyi.

"Alamu, ichi ndi giya kapena chipeso cha nsabwe?"

"Ikani pansi, chingakulumeni. Chimadana ndi anthu olongolola."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwake kunali kosafika m'mimba.

Tsiku lotsatira anamanga mbali yachiwiri. Anadziikira lamulo: kabelu kakalira, ayambe amaliza mawu onse anayi, kenaka n'kuthamanga. Ndipo kanalira kawirikawiri tsikulo. Nthawi ina kanali ka madzi akumwa. Nthawi ina ka mwendo umene unachita dzanzi. Nthawi ina a Chitsulo anafika akupuma wefuwefu, n'kupeza akazi awo akungowayang'ana.

"Chavuta n'chiyani, Mayi?"

"Palibe. Ndimafuna ndione ngati mukadalipo."

"Nanga makinawa simukuwamva?"

"Makina ndikuwamva. Nkhope sindikuimva."

Chakumasana kabelu kanalira mwa mtundu wina, mothamanga, kenaka kanagwa pansi, ndipo mlamu uja anakuwa, "Alamu! Alamu!" A Chitsulo anadumpha, mkono wa malaya awo n'kukola pa mbale ya mabowo ija, koma sanacheuke. Anapeza akazi awo milomo itatuwa, maso atatuluka, akufunafuna mpweya ngati nsomba ya pamtunda. Anakwera pa bedi, nakhala kumbuyo kwawo, nawatsamiritsa pa chifuwa chawo mpaka mpweya unabwerera. Anakhala choncho nthawi yaitali, akumva mtima wa akazi awo ukugunda pa nthiti zawo ngati kambalame kotsekeredwa m'nyumba.

Atabwerera ku galaja anafufuza zonse. Kamsomali kanali m'bowo lake. Tebulo linali lomanga. Timikono tinali titasendezedwa. Chimene sanaone n'chakuti malaya aja anakankha kamkono kakutsogolo, n'kukatsegula bowo limodzi lokha. Bowo limodzi silioneka ndi maso pa dzino. Anasema, dzino linaoneka bwino. Anasema lina, linaonekanso bwino. Anayambanso kuimba chapansipansi. Koma kabowo kaja kankabwerezedwa pa dzino lililonse, ndipo zolakwa zing'onozing'ono zonsezo zinkayenda nawo limodzi mozungulira bwalo, kukawadikira kumapeto. Pa mpata womaliza mpeni unalowa n'kudya theka la dzino loyamba lija.

A Chitsulo anazimitsa makina. Anakhala pa bokosi la zida, giya ili m'manja. Mano onse anali okongola kupatula limodzi, ndipo giya ya dzino limodzi loipa ndi yoipa yonse.

Ine ndimakhulupirira kuti Mulungu amamva ngakhale pemphero la munthu wokwiya, ndipo la a Chitsulo tsikulo linali lotere: "Ambuye, zoti muwachiritse ndinasiya kupempha. Mukudziwa kuti ndinasiya. Ndangopempha mano makumi awiri ndi anayi. Inu amene munapachika nyenyezi iliyonse pamalo pake, mano makumi awiri ndi anayi akukulemerani?"

Kumwamba kunali zii. Kunja kunkangomveka ana akuchokera kusukulu.

Analowa m'chipinda atabisa manja kumbuyo, koma Mayi a Kwaya anali ndi khutu la woimbitsa.

"Yalakwikanso," anatero. "Nyimbo inadukira pakati."

"Nanga ndingamalize bwanji?" Mawu a a Chitsulo anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira. "Ndikangoti ndigwire, ngelengele. Ndikangoti ndiwerenge, ngelengele. Bedili lidzadzuka liti mukamandiitana chonchi?"

Mayi a Kwaya anatembenuzira nkhope kukhoma. A Chitsulo anafuna kuwameza mawu aja, koma mawu ali ngati mkuwa omwewo.

Mlamu uja anawakokera kukhitchini n'kutseka chitseko. Tsikulo nthabwala analibe.

"Alamu, siyani mkuwawo."

"Watsala umodzi. Ulendo uno..."

"Ndati siyani. Mapazi aja simukuwaona? Kutupa kwafika m'mawondo. Supu sakumeza. Ine ndinadwazikapo mwamuna wanga, njira iyi ndikuidziwa. Bedi lidzadzuka, munthu palibe. Tengani mpando mukhale pafupi ndi akazi anu."

"Ndikhale pamenepo ndizingoonerera akumira?" A Chitsulo anatambasula manja awo, akuda ndi mafuta. "Inu mumadziwa kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza. Manja awa sadziwa china, alamu. Chimene ndingawapatse n'chimenechi."

"Chimene akufuna ndi nkhope yanu yoipayo."

Sanagwirizane. Madzulo amenewo a Chitsulo anakhala pambali pa bedi, atagwira dzanja la akazi awo, ndipo anapepesa. Mayi a Kwaya anangowasisita chala.

Kutacha, dzuwa litalowa m'chipinda, Mayi a Kwaya anaoneka opepukirako. Anamwa tiyi pang'ono. Anapempha kuti atsegule zenera.

"Mandimu achita maluwa," anatero. "Ndikumva fungo lake. Koma ndikayang'ana ndikungoona mawaya ndi mbalame ziwiri zokangana, ngati inu ndi mng'ono wangayu."

Kenaka anafufuza pambali pa pilo, natenga kabelu kaja, nakapereka kwa amuna awo.

"Tengani. Ndingayesedwe."

"Ayi, Mayi. Dzulo ndinalankhula ngati chitsiru."

"Chitsiru ndinu kale, sindinakwatiwe mosadziwa. Tengani. Mng'ono wanga ali pano. Mukamuuze mkazi mnzanga kuti ndamubwereka inu m'mawa uno wokha. Masana akubwezeni." Anapuma kaye, mpweya ukulira m'chifuwa. "Ndikufuna ndiuone mtengo wanga, Bambo. Ndikhale tsonga ngati munthu, osati ngati thumba."

A Chitsulo anayang'ana mlamu wawo. Iye anayang'ana pansi. Ndipo a Chitsulo anatambasula dzanja nalandira kabeluko.

Ku galaja anakaika pa benchi, pafupi ndi magiya awiri olakwika aja. Anatseka chitseko. Anamanga mbali yomaliza ya mkuwa pa tebulo. Anawerenga mabowo pakati pa timikono katatu konse, akukhudza lililonse ndi nsonga ya pensulo, nakhwimitsa timikonoto mwamphamvu. Anapinda malaya mpaka m'zigongono. Kenaka anayatsa makina.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'mawa umenewo a Chitsulo anadekha. Masula, pukusa, sendeza, manga. Mpeni unkalowa mu mkuwa mofewa, n'kutuluka, n'kusiya mpata woyera. Masula, pukusa, sendeza, manga. Kamsomali kankagwera m'bowo lake ndi kamawu kakuti tcha. Panalibe chowaitana. Atadutsa theka anapeza kuti akuimba, ndipo pamene mano ankachuluka mawu awo ankakwera. Ndiyenera kunena zoona, chifukwa iwo eni anazinena pambuyo pake akulira: m'mawa umenewo anasangalala. Kwa kanthawi anaiwala matenda, nakhala munthu wongosema giya m'galaja mwake, dzuwa likulowera pa zenera lafumbi.

Pa mpata womaliza anasiya kupuma. Mpeni unalowa, unatuluka. Dzino lomaliza ndi dzino loyamba anaima moyandikana, ofanana ngati mapasa.

"Alemekezeke!" anakuwa a Chitsulo.

Anamasula giya, napala m'mbali mwake ndi tupa, naitsuka, naipukuta pa malaya. Inali yofunda. Anathamanga nayo kudutsa kukhitchini ngati mnyamata.

"Mayi! Mayi, taonani! Mkazi mnzanu wandibweza!"

Chitseko cha chipinda chinali chotsegula. Mlamu uja anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, manja ali pa mutu. Pa bedi Mayi a Kwaya anali chigonere pa mapilo awo, maso otseka, manja ataikidwa bwino pa chifuwa. Chifuwacho sichinkalira.

A Chitsulo anaima pakhomo. Anafunsa ndi mawu ang'ono, "Agona?"

Mlamu uja anapukusa mutu.

"Bwanji simunandiitane? Khoma limodzi lokha! Mukanangomenya khomali!"

"Ndinanyamuka kawiri, alamu." Misozi inkatsika koma mawu ake anali owuma. "Anandigwira dzanja. Mphamvu zake sindikudziwa anazitenga kuti. Anati, 'Musiye, ali pakati pa pukusa ndi sendeza. Ukamudzidzimutsa ilakwika, ndipo mkuwa watha.' Ankamvetsera makina. Akalira n'kusiya, iwo n'kupinda chala. Ankawerenga mano anu. Mutayamba kuimba anamwetulira, anati mukutsitsa nyimbo ngati kale. Kenaka mpweya unayamba kutalikirana. Ndinati, achemwali, ndikawaitane. Anati, 'Atsala asanu.' Sanalankhulenso."

Atsala asanu. Choncho mano asanu omaliza a Chitsulo anasemera munthu amene anali atapita kale, ndipo ndi pamene ankaimba mokweza koposa.

Sanalire nthawi yomweyo. Anayenda mpaka kumiyendo kwa bedi, nagwada, natsegula kabokosi kaja.

"Alamu, zatha. Siyani."

Sanamve. Analowetsa giya pa kachitsulo kamene panali yakale ija, ndipo inalowa ngati inabadwira pomwepo. Anamanga. Anapempha mlamu wawo kuti achotse chipika, ndipo iye anachichotsa. A Chitsulo anagwira chopukusira napukusa.

Bedi linadzuka. Silinalire, silinagwedezeke. Linakwera mofatsa ngati dzanja la mayi podzutsa mwana, mpaka nkhope ya Mayi a Kwaya inafika pa zenera. Kunja mtengo wa mandimu unali mbuu ndi maluwa, njuchi zikuyendayenda, fungo lake litadzaza chipinda.

"Taonani, Mayi," anatero a Chitsulo. "Mtengo wanu uwo."

Anadikira, dzanja lili pa chopukusira.

"Taonanitu."

Pamenepo ndi pamene analira, ndipo kulira kwawo kunamveka mpaka mumsewu. Ndi mmene ife oyandikana nawo tinadziwira.

Tinawaika m'manda Mayi a Kwaya kwaya yawo ikuimba popanda woimbitsa. Oimbawo ankangoyang'ana malo amene iwo ankaima. A Chitsulo sanatsegule pakamwa pa nyimbo iliyonse.

Patapita masabata angapo amayi oyendera odwala anabwera kudzatenga bedi, chifukwa mphunzitsi wina wa mumpingo mwathu anali atafa ziwalo mbali imodzi. Mmodzi wa iwo anayesa chopukusira, nadabwa.

"Koma a Chitsulo, manja anu ndi odala! Chiyambire bedili silinadzukepo chonchi. Ngakhale mwana akhoza kulipukusa."

A Chitsulo anawathandiza kunyamula mpaka pa galimoto.

Abusa anawayendera kangapo. Anawauza kuti Mayi a Kwaya anasankha okha, kuti chimene anachita chinali mphatso yawo yomaliza, kuti anapita akumva mawu a mwamuna wawo akuimba nyimbo imene ankaikonda. Mlamu uja, asanabwerere kwawo, ananenanso zomwezo, ngakhale kuti ndi iye amene anawachenjeza. A Chitsulo ankamvetsera mwaulemu.

"Ndamva, abusa," ankatero. "Zonsezo n'zoona. Koma anati akufuna nkhope, ndipo ine ndinawapatsa phokoso la makina. Kabelu kaja ndinakalandira ndi dzanja langali. Palibe anandikakamiza."

Ndimadziwa kuti tsiku likubwera pamene misozi yonse idzapukutidwa, ndipo ndimagwira chiyembekezo chimenecho ndi manja awiri. Koma tsikulo silinafike mumsewu wathu. Mphunzitsi uja amadzuka ndi kutsika bwinobwino pa giya ya a Chitsulo, ndipo banja lake limawadalitsa. A Chitsulo akamva zimenezi amangogwedeza mutu, ngati akunena za munthu wina.

Tebulo lozungulira analidzoza mafuta, nalifunditsa nsalu yake, ndipo sanalivundukulenso. Tiinjini tija tachita dzimbiri. Komabe m'mawa uliwonse amatsegula galaja n'kukhala pa bokosi la zida, chitseko chili pululu, msana atatsamira khoma limene linagundana ndi chipinda chija. Pa benchi pali magiya awiri olakwika ndi kabelu. Ndinawafunsapo tsiku lina chifukwa chake sataya magiya oipawo, poti alibe ntchito. Anatenga imodzi, napitiriza chala pa dzino lopyapyala lija.

"Awa ndi abwino," anatero. "Apa ndi pamene ndinapita atandiitana."

Inu amene mwayenda nane mpaka pano, Mulungu wachifundo akusungeni. Ngati muli ndi wodwala m'nyumba, akupatseni nzeru yodziwa nthawi yogwira ntchito ndi nthawi yongokhala pafupi. Ngati mwanyamula chisoni chimene mawu a anthu alephera kuchitula, Iye amene amadziwa kuti ndife fumbi akhale nanu pamene mwakhalapo, ngakhale simungathe kuimba. Ndipo pa tsiku limene mudzaitana mawu atakutherani, pakhale wina wakumva. Amen.